Zimene zingadikire ndi zimene sizingadikire: yankho kwa bambo amene imfa ya mnzake yawasowetsa tulo

Funso: Ndine bambo wa zaka 47 ndipo ndimagwira ntchito mumzinda wa Lilongwe. Miyezi iwiri yapitayo mnzanga amene tinkakhala naye ofesi imodzi anagwa m'bafa m'mawa akukonzekera kupita kuntchito, ndipo pofika naye kuchipatala n'kuti atatisiya kale. Nyumba imene ankamanga anaisiya isanafoleredwe. Inenso ndikumanga, inenso anandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi chaka chatha, ndipo zabwino zonse ndakhala ndikuziika kutsogolo: ndikamaliza nyumba, ana akamaliza sukulu, ndikadzapuma pantchito. Mayi anga a zaka 79 ali ku Ntcheu ndipo patha chaka ndi theka ndisanakawaone. Chimwalirireni mnzangayo sindikupeza tulo. Kodi kuganizira za imfa chonchi si kudziitanira tsoka? Nanga ndisiye kusunga ndalama n'kuyamba kudya zanga ndidakali moyo?

Yankho: Pepani kwambiri, bambo, chifukwa cha imfa ya mnzanuyo. Ine ndine namwino, ndipo zaka zambiri za ntchito yanga ndazithera m'gawo limene m'zipatala timalitcha palliative care, ndiko kusamalira anthu amene matenda awo sangathenso kuchizika, kuwachepetsera ululu ndi kuwaperekeza iwo pamodzi ndi abale awo kufikira tsiku lomaliza. Zambiri zimene ndikuuzeni pano ndinazimva kwa anthu amene ankadziwa kuti masiku awo ndi owerengeka, ndipo anthu otere salankhula mozungulira.

Ndiyambe ndi mantha anu akuti mwina mukudziitanira tsoka. Kwathu kuno munthu akangotchula za imfa yake timamudula mawu, n'kumuuza kuti asadzilosere zoipa. Ndaona nthawi zosawerengeka ana akundikokera pakhonde n'kundinong'oneza kuti, "Anamwino, chonde musawauze bambo athu, angataye mtima." Ndikabwerera m'nyumba, bambo omwewo amandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ine ndikudziwa kumene ndikupita, koma musawauze anawa." Banja lonse limakhala litasenza katundu mmodzi, koma aliyense payekhapayekha, ndipo masiku amene akanatha kutsanzikana, kupepesana ndi kuuzana za munda ndi ngongole amathera pa kunamizana kuti zikhala bwino. Pa zaka zonsezi sindinaonepo munthu amene anafa msanga chifukwa chakuti analankhula za imfa yake. Amene ndawaona, ndipo ndi ambiri, ndi amasiye amene anavutika chifukwa chakuti malemu sanalankhule. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo kukhala chete sikuchibweza.

Anthu a msinkhu wanu imfa simukuiona koyamba. Munakula m'zaka za m'ma 1990 pamene Edzi inkatenga aphunzitsi, asilikali, anamwino anzathu ndi achinyamata ongomaliza kumene sukulu, ndipo malo okhomera mabokosi anali ponseponse m'mbali mwa misewu ya m'tauni. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004 zinthu zinasintha, anthu amene anali atagonekedwa pamphasa anadzuka, ndipo zaka zimene Mmalawi amayembekezeka kukhala ndi moyo zinakwera kuchoka pa zosakwana 50 kufika pa zoposa 60. Tinayambanso kukonzekera zam'tsogolo, kugula mapuloti ndi kuwerengera zaka za penshoni, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma pamodzi ndi chiyembekezocho panabwera kachizolowezi koganiza kuti ukalamba tinalonjezedwa. Mu Januwale 2021 matenda a Covid-19 anatenga nduna ziwiri za boma tsiku limodzi, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapeza anthu a ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, ali m'nyumba zawo ndi mapulani awo a mawa. Imfa ya mnzanu yakuonetsani pafupi chinthu chimene chinali choona kale.

Musanaganize zozama, pali chinthu chimodzi chimene sichiyenera kudikira ngakhale sabata imodzi. Mwalemba kuti anakupezani ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, koma simunanene ngati mukumwa mankhwala, ndipo zimenezo zandidetsa nkhawa. Munthu wooneka wathanzi akagwa mwadzidzidzi monga anachitira mnzanu, kawirikawiri chimakhala sitiroko kapena vuto la mtima, ndipo kumbuyo kwake nthawi zambiri kumakhala BP imene inakwera kwa zaka popanda kuisamala. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe la WHO anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 m'dziko muno ali ndi vutoli, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Vutoli nthawi zambiri silipweteka, n'chifukwa chake abambo ambiri amamwa mapiritsi mwezi umodzi, mutu ukasiya kuwawa amawaika m'kabati. Mankhwala monga amlodipine kapena hydrochlorothiazide amagwira ntchito pokhapokha akamamwedwa tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene mukumva bwino. Pitani mukayezetse, ndipo ngati manambala akufikabe pa 140/90 kapena kupitirira, kambiranani ndi dokotala kuti aunikenso mankhwala anu. Chepetsani mchere, chifukwa mlingo woyenera pa tsiku lonse sukwana ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale m'ndiwo. Ngati mumasuta, lekani. Imfa yeniyeniyo simungaithawe, koma iyi ya sitiroko pa zaka 47 muli ndi mphamvu yaikulu yoikankhira kutali.

Za tulo, kusagona bwino masabata angapo munthu atataya mnzake wapamtima si matenda, ndi chisoni. Koma miyezi iwiri ndi nthawi yaitali. Ngati kusowa tuloko kukuphatikizana ndi kusafuna chakudya, mtima kugunda kwambiri usiku, kulephera kugwira ntchito, kapena maganizo akuti kuli bwino kungofa, musakhale nazo nokha. M'zipatala zazikulu ndi za m'maboma muli anamwino ndi madokotala oona za matenda a maganizo, ndipo a St John of God ali ndi malo othandizira anthu ku Lilongwe komweko. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo abambo ambiri a kwathu kuno amafa ndi manyazi a mtundu umenewu.

Tsopano ndifike pa chimene ndikufunitsitsa kuti mumve. Mayi wina wa ku England, Cicely Saunders, amene anatsegula nyumba yosamaliramo odwala kayakaya ya St Christopher's ku London mu 1967, anaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene akufa sukhala wa m'thupi wokha, koma umaphatikiza wa m'maganizo, wa m'banja ndi wa mumzimu. Kuno kwathu ntchitoyi imachitika m'malo monga Tiyanjane, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi Ndi Moyo ku Salima, ndipo maina awiri amenewa paokha akunena kale zimene odwala athu amasowa. Ululu wa m'thupi timaugonjetsa nthawi zambiri ndi morphine wamadzi, womwa maola anayi alionse. Chodabwitsa chimachitika ululuwo ukatsika, chifukwa ndi pamene munthu amayamba kunena chimene chikumupweteka kwenikweni.

Ndikukumbukira bambo wina, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anadwala khansa ya kummero, matenda amene ndi ofala kwambiri m'dziko lathu lino. Anagwira ntchito zaka zoposa 30 akudzimana, ndipo matendawa anawapeza patangotha miyezi yochepa atalandira ndalama zawo zopumira. Pamene ndinkawayendera n'kuti ngakhale phala lamadzimadzi silikudutsa, moti akazi awo ankaviika kansalu koyera m'madzi n'kumawanyowetsa milomo. Tsiku lina anapempha kuti atsegule sutikesi imene inali pansi pa bedi. Munali suti yakuda yatsopano, idakali m'pepala lake la pulasitiki, imene anagula zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo n'kumaisungira tsiku lalikulu. Anaisisita ndi zala zawo zowonda kwa kanthawi, kenako anati, "Ukwati wa mwana wa mchimwene wanga ndinapita ndi yakale ija, ndinkati iyi ikuda." Tonse m'chipindamo tinadziwa tsiku limene sutiyo idzavalidwe, ndipo palibe anayankha. Sanadandaule kuti sanalemere. Chimene ankabwereza chinali chakuti anali asanapitepo ndi akazi awo kunyanja, ngakhale kuti Salima anali ulendo wa maola ochepa, ndiponso kuti mwana wawo wamwamuna ankawaopa kwambiri moti ngakhale nthawi imeneyo ankangoima pakhomo osalowa.

Ndikukumbukiranso mayi wina wa khansa ya khomo la chiberekero amene anatha masabata akubuula usiku wonse. Patatha masiku awiri chiyambireni morphine, ndinawapeza atakhala pamkeka pakhonde, atatsamira khoma, akuswa mtedza ndi kamdzukulu kawo. Chinthu choyamba chimene anapempha chinali chakuti aitane mng'ono wawo, amene anali asanalankhulane naye kwa zaka 11 chifukwa cha malire a dimba. Mng'onoyo anabwera atanyamula nkhuku, ndipo anakhala pamkeka womwewo mpaka dzuwa kulowa. Mayiwo anakhala ndi moyo masabata asanu okha kuchokera pamenepo. Ine ndinakondwera nawo, koma mumtima ndinawerenga zaka 11 zija, maukwati ndi zinamwali zimene aliyense anachita popanda mnzake, chikhalirecho chimene chinkafunika chinali nkhuku imodzi ndi masana amodzi.

Chimene ndaphunzira pa mikeka yotereyi n'chakuti zinthu zimene anthu amazengereza nazo mpaka nthawi kuwathera kawirikawiri si zodula. Timadziuza kuti tikudikira ndalama, koma tikaonetsetsa timapeza kuti tikudikira kulimba mtima, kapena tangozolowera kuti anthu athu alipo ndipo adzakhalapobe. Taganizirani mmene timachitira ndi maliro. Uthenga ukangofika kuti amayi atisiya, ndalama ya thiransipoti imapezeka tsiku lomwelo, abwana amapereka tchuthi, anzathu amasonkha chipepeso, bokosi limagulidwa la mtengo wapatali, ndipo abale a ku Joni amafika asanathe masiku atatu. Chikhalidwe chimenechi n'chamtengo wapatali ndipo sindikuchinyoza, pakuti maliro n'kulirana. Koma funso limene limandivutitsa nthawi zonse ndi ili: ndalama ndi nthawi zimenezo zinali kuti pamene gogoyo anali moyo, akukhala yekha pakhonde n'kumayang'ana kumsewu? Ulendo wa ku Ntcheu mudzaupanga ndithu, bambo, palibe chokayikitsa. Chimene chili m'manja mwanu lero ndi kusankha ngati mudzapite mayi anu akutha kukulonjerani kapena ayi.

Ndikunena zimenezi ndi mtima wosweka chifukwa inenso zinandionekera. Atsibweni anga, amene anandilipirira sukulu ya unamwino pogulitsa fodya wawo, ananditumizira uthenga kawiri konse kuti akufuna kundiona. Ndinayankha kuti ndibwera mwezi ukatha, pakuti ntchito inali yambiri, ndipo inalidi yambiri. Ndinafika kumudzi nyimbo za maliro zikuimbidwa. Ndinali nditathera mwezi umenewo ndikulangiza mabanja ena kuti asachedwe, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene ankafuna kundiuza.

Pa funso lanu lachiwiri, yankho langa ndi lakuti ayi, musasiye kusunga ndalama, ndipo musasiye kumanga. Mwayi waukulu ndi wakuti mukhala ndi moyo zaka zina zambiri, makamaka mukasamala BP yanu, ndipo ukalamba wopanda pogona ndi wowawa kwambiri. Ndasamalirapo anthu amene anamva uthenga wa imfa ya anzawo n'kunena kuti moyo ndi waufupi, tiyeni tidye, ndipo anathera m'mabala ndi m'zibwenzi, n'kusiya ana opanda fizi. Kumeneko si kukhala ndi moyo, ndi njira ina yothawira mantha omwewo, ndipo mowa wambiri umakweza BP imene mukufuna kuitsitsa. Chimene mukufunika si kusankha pakati pa lero ndi mawa, koma kusiyanitsa zinthu zimene zingakudikireni ndi zimene sizingathe. Matailosi, mpanda wa njerwa ndi galimoto yabwinopo zidzakhalapobe m'sitolo zaka zisanu zikubwerazi. Mayi a zaka 79 sangakulonjezeni zaka zisanu. Mwana amene lero akufuna kuti mumuperekeze kumpira kapena mumuthandize masamu, zaka zisanu zikubwerazi adzakhala ndi anzake ndi zinsinsi zake, ndipo sadzakupemphaninso. Chilichonse chimene mukufuna kuchikankhira kutsogolo, chifunseni kaye ngati chidzakhalapobe mukadzachifuna.

Chenjeraninso ndi mawu akuti "ndikamaliza", chifukwa malire amenewa amasuntha. Amene mukumanga mukudziwa bwino chimene chinachitikira mtengo wa simenti ndi malata pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nyumba ikatha pamabwera za mpanda, mpanda ukatha mwana amalowa kuyunivesite, akamaliza pamabwera ukwati wake, kenako adzukulu. Zengerezu analinda kwawukwawu. Ngati moyo wanu weniweni uyenera kuyamba pokhapokha mavuto onse atatha, ndiye kuti suyamba. Pa bajeti ya mwezi uliwonse patulani kagawo kochepa, ngakhale kofanana ndi matumba awiri a simenti, kakhale ka anthu amoyo: ulendo wa kumudzi, nsomba yabwino yodyera limodzi Lamlungu, tsiku limodzi kunyanja ndi mayi a kunyumba. Nyumba idzachedwa ndi miyezi ingapo, ndipo kuchedwa kumeneko mudzatha kukupirira.

Pali ntchito ina imene ambiri amaiopa, koma ndaona ikubwezera anthu tulo. Lembani wilo. Lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011 limazindikira wilo yolembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo limanena kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Mboni zanu zikhale anthu amene sakulandira kanthu m'wiloyo, ndipo ngati mungathe funsani loya kuti akuunikireni. Onaninso fomu ya kuntchito yonena za anthu odzalandira penshoni yanu, chifukwa ambiri anailemba asanakwatire ndipo sanaikonzenso. Akazi anu adziwe kumene kuli mapepala a puloti, mabanki amene mumasungako ndalama, amene muli nawo ngongole ndi amene ali nanu ngongole. Gawo lalikulu la mantha amene amakudzutsani usiku si la imfa yeniyeniyo, koma la funso lakuti ana anga adzatani. Funso limenelo likayankhidwa papepala, mtima umapepukako, ndipo mudzapeza kuti kukonzekera imfa mwa njira imeneyi kumamasula munthu kuti aike maganizo ake pa moyo.

Musayembekezere kuti mantha adzatheratu. Ngakhale abusa ndi mashehe amene ndawasamalira, anthu a chikhulupiriro cholimba, anali ndi mausiku awo ovuta. Ngati ndinu wopemphera, pitani nawo manthawo kwa Mulungu monga alili, ndipo pezani munthu mmodzi, kaya akazi anu, kaya mkulu wa mpingo, kaya mnzanu wakale, amene mungamuuze mosabisa kuti mukuopa. Chimene chimasintha si chakuti munthu amaiwala imfa, koma chakuti akaikumbukira samangonjenjemera, amadzuka n'kukachita chimene chikufunika tsiku limenelo. Nthawi zambiri chimakhala chaching'ono kwambiri, monga kuika foni pambali pa nthawi ya chakudya chamadzulo n'kumvetsera mwana akufotokoza za kusukulu mpaka amalize, kapena kutulutsa mbale zija zimene zimasungidwira alendo kuti banja lidyeremo.

Mundilole ndikupempheni zinthu ziwiri. Choyamba, kaoneni mkazi wa malemu mnzanu ndi ana ake. Patha miyezi iwiri, anthu onse a pamaliro anabalalika, chipepeso chinatha, ndipo ino ndiyo nthawi imene nyumba ya mfedwa imakhala zii. Mufunseni ngati za penshoni zikuyenda, pakuti inu a muofesi mukudziwa makomo oyenera kugogoda, ndipo auzeni anawo nkhani za bambo awo zimene iwo sakuzidziwa, mmene ankasekera kuntchito ndi mmene ankawatchulira. Mudzaona kuti chisoni chanunso chipeza polowera.

Chachiwiri ndi ulendo wa ku Ntcheu. Kuchokera ku Lilongwe ndi maola atatu okha pamsewu wa M1, moti mukanyamuka Loweruka m'mawa mudzafika nsima ya masana isanaphikidwe. Musadikire kuti mupeze ndalama zogulira katundu wambiri, chifukwa manyazi opita chimanjamanja ndiwo atsekereza ana ambiri m'tauni. Shuga, sopo, mafuta ophikira ndi kachewere wa pa Lizulu n'zokwanira. Tengani ana, ndipo mukagone komweko m'malo mobwerera tsiku lomwelo, chifukwa nkhani zenizeni za okalamba zimatuluka usiku, alendo ena atapita. Mukawafunse mayi anu maina a agogo awo, kumene mtundu wanu unachokera, malire a minda, ndi chimene iwo akufuna kuti chidzachitike akadzadwala kapena akadzatisiya. Mwina adzayamba akana, koma okalamba ambiri amakhala ataganizira kale zimenezi ndipo amangosowa wowafunsa. Ngati mungabwereke makina oyezera BP, anyamuleni, mukawayeze iwo ndipo inunso mukadziyeze pamaso pawo. Musanatsanzike Lamlungu, mukagwirizane nawo tsiku limene mudzabwerenso, ndipo mukalitchule ndi deti lake ana akumva.